Mbedza yamubaya m'diso mng'ono wanga, kodi tachedwa kale?

Adimini, bisani dzina chonde. Abale, ndipatseni nzeru msanga.

Mng'ono wanga wa zaka 19 ndi msodzi ku Makawa, ku Mangochi. Lachiwiri usiku ali panyanja chingwe chinakodwa pamwala, pokoka mwamphamvu mbedza inafwamphuka n'kumubaya m'diso lakumanja. Anzake anaizula m'bwato momwemo. Atafika kumtunda m'mawa agogo anamudonthezera mkaka wa m'mawere ndi madzi a masamba. Lero Lachinayi m'pamene tapita naye kuchipatala, ndipo atilembera kalata yopita ku Zomba Central.

Diso lafiira psuu, mwanadiso sali wozunguliranso, wasongoka ngati dontho la madzi. Ndikamuunika ndi tochi ya foni akuti akuona kuwala, koma zala sakuwerenga. Bambo akuti diso latha kale, tidikire Lolemba akagulitsa usipa. Kodi kupita pano kungathandizebe, kapena tingotaya ya thiransipoti?

Namwino wa maso: Achimwene, za Lolembazo iwalani, nyamukani lero. Mwanadiso akasongoka choncho nthawi zambiri ndiye kuti diso labooka, ndipo lotero limafunika kusokedwa pasanathe maola 24. Mwapitirira kale inde, koma tsiku lachiwiri si chimodzimodzi ndi lachisanu ndi chimodzi. Mbedza imakhala ndi nyambo ndi dothi, tizilombo talowa m'kati, ndipo mafinya akangoyamba m'katimo kuona kumatha m'masiku ochepa, mwinanso diso kuchotsedwa. Poti akuonabe kuwala chiyembekezo chilipo; amene amafika akuona mdima wokhawokha ndi amene kawirikawiri saonanso. Dulani tsinde la kapu ya pulasitiki, vindikirani diso osalikhudza, mumate ndi pulasitala pachipumi ndi patsaya. Asafikise, asadye panjira chifukwa mwina alowa ku fiyeta, ndipo funsani za jakisoni wa kafumbata.

Mayi wa ku Namwera: Gulani tetracycline wa m'maso uja muzimupaka, amathandiza kwambiri.

Namwino wa maso: Ayi mayi, pepani. Ameneyo ndi wa diso lofiira losabooka. Apa asaikemo kanthu, ngakhale madzi.

Wowotcherera zitsulo pa Boma: Ine kachitsulo kanandilowa ndikugwiritsa girayinda opanda magalasi. Ululu unachepa, ndinkati zapola, ndinakhala sabata yathunthu. Pofika ku Lions, chipatala cha maso cha ku Queens, anandisoka, koma pano diso limenelo limangoona zithunzithunzi. Mnzanga anapita tsiku lomwelo, pambuyo pake anamuchotsa ng'ala, lero amayendetsa njinga yamoto. Auzeni bambowo kuti usipa udzagwidwanso.

Mlongo wa ku Malindi: Agogowo musawakalipire, anachita zimene amadziwa. Koma mukafika musabise za mkaka ndi masambawo, adokotala adziwe zonse. Funsaninso pachipatala cha boma ngati pali ambulansi yopita ku Zomba lero.

Namwino wa maso: Chinanso, opaleshoni yoyamba ndi yotseka bala basi. Asakhumudwe akamasula bandeji n'kupeza sakuona bwino, zina amakonza pakapita masabata. Ndipo diso lamanzerelo likadzayamba kufiira kapena kuopa kuwala, ngakhale patapita miyezi, abwerere msanga.

Wofunsa: Zikomo nonse. Bambo ndawawerengera za achimwene a girayinda aja, angoti zii, kenako atulutsa ndalama ya mafuta a injini. Kapu tamata. Tili mu minibasi, tangodutsa pa Ulongwe. Alipo akudziwa ngati ku Zomba amalandira odwala maso ngakhale usiku?