Mnyamata wanga wakomoka m'chipinda cha pansi pa boti

Bambo Maseko, Golomoti: Amisiri anzanga owotcherera, ndikupempha nzeru. Tinalandira ntchito yomata zigamba pa boti lachitsulo kugombe la kuno ku Dedza, ndipo dzulo mnyamata amene ndikumuphunzitsa analowa m'chipinda cha pansi chomwe chakhala chotseka miyezi yambiri. Asanayatse n'komwe makina, anakomoka. Tinamukoka miyendo poti anagwera pafupi ndi khomo, ndipo kuchipatala akupezako bwino. M'chipindamo munalibe mafuta kapena utsi. Nanga chinamugwetsa n'chiyani?

Bambo Ngozo, Ntcheu: Pepani kwambiri achimwene. Ine ndinagwirapo ntchito ku Simon's Town, kumene amakonzera sitima zankhondo za South Africa, ndipo chinthu choyamba chimene anatiphunzitsa n'chakuti dzimbiri limadya mpweya. Chitsulo chikamachita dzimbiri m'malo otseka chimayamwa okosijeni pang'onopang'ono, osasiya fungo lililonse loti n'kukuchenjezani. Mpweya wapanja uli ndi okosijeni pafupifupi 21 peresenti, ndipo kachipangizo koyezera kakaonetsa kuti wachepera 19.5, munthu saloledwa kutsika. Mwachita mwayi kuti simunalowemo nokha kukamutenga, chifukwa m'ngozi zotere wopulumutsa amagwera pomwepo pamene pagwera mnzake.

Bambo Chimbalanga, Mtakataka: Kachipangizo kameneko kuno tilibe. Kodi sitingatsegulemo silinda ya okosijeni imene timadulira zitsulo kuti mpweya ubwerere?

Bambo Ngozo: Chonde musayerekeze, akuluakulu. Okosijeni akachuluka, ovolosi ndi penti zimayaka ngati udzu wa mu Okutobala, ndipo kathetheka kamodzi ka chowotcherera kangakwanire kupsereza munthu wamoyo. Tsegulani makomo onse, mupoperemo mpweya wapanja ndi fani kudzera m'paipi yofika pansi penipeni, ndipo fani isazime mpaka ntchito itatha. Jenereta ikhale kutali kuti utsi wake usakokedwere mkati. Wolowayo amange chingwe, ndipo pakhomo pakhale munthu amene ntchito yake ndi kumuyang'anira basi. Ngakhale zili choncho, kachipangizoko kabwerekeni ndithu, poti maso sangakuuzeni kuti fani yagwira ntchito.

Mayi Nankhoma, Dedza boma: Bambo Maseko, ngoziyi mukainene ku ofesi ya zantchito. Lamulo la chipukutamisozi la chaka cha 2000 limateteza wovulala pantchito, choncho kalata ya adokotala muisunge, mwina mwanayo angadzadwale pambuyo pake.

Bambo Maseko: Ndamva, mayi, ku ofesiko ndipita Lolemba. Ntchito ndayiimitsa ngakhale mwini boti wakwiya. Amene akudziwa kumene ndingabwereke fani ndi choyezera mpweya andiuze, ndidzabwera kudzatenga ndekha.