Ndalama n'zochepa: timange nyumba ziwiri kapena tilipirire mabanja ambiri lendi?

Mayi wa ku Chilobwe:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili m'gulu la amayi a mumpingo mwathu, ndipo tasonkhako kangachepe kudzera ku banki m'khonde. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba kuno, pali mabanja omwe sanakhazikikebe. Misasa itatsekedwa, ena anapita kumudzi, ena anapanikizana kwa abale, ena anangozika mitengo n'kukuta ndi mapepala apulasitiki.

Amene akundisowetsa tulo ndi agogo ena omwe akulera zidzukulu. Amagona pamphasa, pansi pali chinyontho, mbaula ili momwemo. Kamwana kakang'ono kamadwala chibayo, tikapita nako kuchipatala kamachira bwinobwino, koma kakabwerera m'chisakasa muja chifuwa chimayambiranso. Ine ndaona kuti mankhwala okha sakukwanira, chomwe chikudwalitsa mwanayu ndi pogona.

M'gulu tagawanika. Ena akuti timange nyumba ziwiri za njerwa zowotcha, ena akuti tilipirire mabanja angapo lendi dzinja lonse. Inu mukanatani?

Mlangizi wa zaumoyo ku Ndirande:
Amayi, zomwe mwaonazo ife timaziona tsiku ndi tsiku. Pofika m'nyumba ndimayang'ana pansi, zenera, mpata wa pakati pa khoma ndi denga, kenako chimbudzi. Udzudzu wa malungo umalowera kwambiri pampata umenewo usiku, ndipo m'chisakasa cha pulasitiki mulibe pomangirira neti bwino. Utsi wa makala m'chipinda chopanda zenera umapweteka mapapo a ana. Anthu akamagona mothithikana, chifuwa chachikulu ndi mphere sizichedwa kufala.

Kafukufuku wina yemwe anachitika ku Ekwendeni n'kusindikizidwa mu 2001 anapeza kuti ana osakwana zaka zisanu okhala m'nyumba zomangidwa mothandizidwa ndi bungwe la Habitat for Humanity, za simenti pansi, denga la matailosi ndi chimbudzi, sankadwaladwala malungo, m'mimba ndi chifuwa ngati anzawo a m'nyumba zina za m'dera lomwelo.

Palinso china chomwe ambiri sachiganizira. Mankhwala a TB amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi. Munthu amene lero wagona kwa mlamu, mawa pakhonde la sitolo ku Limbe, ife timamusowa, ndipo amasiyira mankhwala panjira. Ndi chimodzimodzi ndi ma ARV. N'chifukwa chake lendi ya miyezi yochepa imandikayikitsa: ikatha, banja lasamukanso, ife tayambanso kufunafuna.

Chilichonse mungasankhe, chimbudzi chisatsale. Kolera yomwe inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre inali pakati pa maboma omwe anavutika kwambiri.

Mmisiri womanga nyumba:
Mayi anga, ine ndifunse kaye: malo alipo? Musagule thumba la simenti ngakhale limodzi musanadziwe kuti malowo ndi a ndani. Ngati ndi m'mbali mwa phiri kapena m'mphepete mwa mtsinje momwe madzi anadutsa kale, musamange ngakhale wina atakupatsani ulere.

Komanso sindikuvomereza kuti ndalamazo zithere pa nyumba ziwiri. Chipinda chimodzi chomangidwa bwino chimaposa nyumba yaikulu yomangidwa mwachinyengo. Maziko akhale a miyala kapena njerwa zowotcha ndi simenti, okwera ndithu kuchoka pansi. Yalani pulasitiki musanayambe khoma kuti chinyontho chisakwere. Pamwambapo ngakhale zidina zimalimba, bola denga litulukire kunja mokwanira ndipo khonde lizungulire nyumba. Zambiri zomwe ndinaziona zitagwa kumadera komwe matope sanafike zinali za zidina zoyambira pansi penipeni, zinanyowa kumunsi n'kukhala pansi. Mawindo awiri oyang'anizana, pansi pa simenti, basi. Eni ake adzawonjezera chipinda china akadzapeza.

Mayi wa ku Area 49:
Achemwali, nkhani yanu yandikumbutsa komwe ife tinachokera. Malawi Homeless People's Federation, mgwirizano wa anthu osowa nyumba, inayamba mu 2003 ndi amayi a ku Mtandire omwe ankasunga ndalama pang'onopang'ono tsiku lililonse, mothandizidwa ndi bungwe la CCODE, lomwe limathandiza magulu a anthu osauka pankhani za nyumba. Chomwe chinatsegula njira si ndalama zathuzo, zinali zochepa kwambiri. Chinali choti tinapita kukhonsolo tili gulu, tili ndi mabuku osonyeza kuti timasunga, n'kupempha malo. Ndi momwe anthu anapezera mapuloti ku Area 49 kuno, ndiponso kwanu konko ku Angelo Goveya. Njerwa tinkaumba tokha, zipangizo tinkatenga pangongole ya thumba la Mchenga, thumba la ndalama la mgwirizano wathuwu.

Ndiye ndalama zanuzo musazione ngati zomangira zokha. Lembani mabanja onse osowa pokhala, ndi ana awo, ndi odwala omwe alimo, mupite nawo mndandandawo kwa amfumu ndi kwa khansala. Eni mavutowo alowe m'gulu, asakhale ongolandira. Koma agogo olera ana amasiyewo musawapatse ngongole, sangabweze, ndipo mudzangodana nawo. Chenjeraninso ndi malo akutali kwambiri: mayi wogulitsa tomato mukamuika kutali ndi msika, nyumba amaisiya n'kubwerera komwe anachoka.

Mayi wa ku Chilobwe:
Zikomo nonse. Ndawerengera anzanga mayankho anu. Tagwirizana kuti agogo aja tiwapezere chipinda cha lendi chouma mvula isanayambe, kuti mwanayo achoke pachinyontho, ndipo zotsalazo tisunge mpaka nkhani ya malo itamveka. Loweruka tiyamba kulemba mabanja. Bambo mmisiri, chipinda chomwe mwanenacho chimalowa malata angati ndi matumba a simenti angati, kuphatikiza chimbudzi? Tikufuna tikafike kwa amfumu tili ndi chiwerengero m'manja.