Land Rover Series IIA ya 1964: alternator, sitata ndi AC, ndiyambire pati?

wakuZomba64:
Moni akuluakulu. Ndili ndi Land Rover Series IIA ya 1964, ya petulo 2.25, inali ya malume anga. Injini ili bhobho koma magetsi ndiye andisowetsa mtendere. Ikadali ndi dayinamo yake ya Lucas, usiku ukayatsa malaiti ndi mawayipa nkuima pang'ono malaiti amafooka ngati kandulo, m'mawa sitata imazungulira mwaulesi mpaka anyamata akankhe. Mawaya ndi aja okutidwa ndi nsalu aja, ukawagwira nsalu yake ikungoyoyoka. Ndikufuna alternator, sitata yamphamvu, komanso AC poti ndimatsikira ku Chikwawa pafupipafupi ndipo mu Okutobala mukudziwa nokha mmene kumatenthera. Ndiyambire pati kuti ndisataye ndalama?

Chemwali_wamawaya:
Achimwene musanagule chilichonse tsegulani boneti muone batire, ndi mutu uti womwe wapita ku chasisi. Ma Land Rover a zaka zimenezo mpaka cha mu 1967 ankabwera positive earth, ndiye kuti + ndi amene ali ku chasisi, pomwe alternator wamba amafuna negative earth, mukangomulumikiza choncho ma diode apsa pompo musanayilize nkomwe. Ndiye choyamba nkutembenuza, batire mutembenuze, mawaya awiri a pa coil musinthanitse, a ammeter chimodzimodzi.

Dayinamo ija ndi C40 ndipo ikalimbikira zedi imapereka ma amp 22 okha, injini ikakhala pa idle simatchaja nkomwe, nchifukwa chake malaiti akufooka mukaima. Series III itabwera mu 1971 anayika alternator ya 16ACR ya ma amp 34, bulaketi yake imakwana pa injini yanuyo, fufuzani kwa ophwasula magalimoto ku Ndirande kapena ku Biwi. Ine ndikadayika alternator ya A127 ya ma amp 65. Koma apa tcheru, ammeter yakale ija imathera pa 30 ndipo magetsi onse otchaja amadutsa mmenemo kuseri kwa dashboard, musadutsitsemo 65, kokani waya wonenepa kuchoka pa alternator kukafika pa + ya batire ndipo pa dashboard muyike voltmeter. Injini ikulira muziona ma volt pakati pa 13.8 ndi 14.4. Kababu kofiira ka charge kaja musakachotse, ndi kamene kamadzutsa alternator.

Za mawaya a nsaluwo ine sindinyengerera, galimotoyi ili ndi ma fyuzi awiri basi ndipo malaiti sadutsa pa fyuzi. Sinthani harness yonse, ndiye kuti mtolo wonse wa mawaya, onjezani bokosi la ma fyuzi ndi ma relay a malaiti. Mukamakoka atsopano sungani mitundu ya Lucas, brown ndi wamoto nthawi zonse, woyera ndi wa ignition, wakuda earth, kuti wodzakonza mawa asavutike.

MadalaSpana:
Mayi anena zoona zokhazokha. Ine ndingowonjezera pa sitata, musathamangire kugula mwana wanga. Ambiri amati sitata yafa pomwe vuto ndi makebulo oola mkati ndi lamba wa earth wochoka pa injini kupita ku chasisi. Mukaliza kangapo gwirani kebulo ya choke, ikatentha dziwani kuti magetsi asowa njira akudutsira mmenemo. Bodi ya galimoto imeneyi ndi aluminiyamu, pomwe yakumana ndi chitsulo pamachita ufa woyera uja, earth yodalira bodi siichedwa kuthawa.

Sitata yakeyo ndi ya Bendix, kagiya kamaponyedwa ndi liwiro la mota kukaluma flywheel. Itsitseni, tsukani shafuti ndi petulo, osapaka girisi chifukwa amagwira fumbi la clutch kagiya nkumakakamira, onani mabulashi. Ikakanikabe ndiye gulani ya gear reduction, ndi yaying'ono, simadya batire kwambiri, koma muwerenge mano a kagiya afanane ndi yakale, ndipo ya dizilo sigwirizana ndi ya petulo. Chogukumulira pamanja chija ngati chilipo chisungeni kuseri kwa mpando, bowo lake lili pa bampala.

Nsanje_boy:
Bwana pa AC ine ndikukanizani ndithu, ndipo ndikulankhula ngati munthu wa kuchigwa konko. Injini imeneyo mphamvu yake ndi ma horsepower 70 ndi pang'ono ili yatsopano, kompuresa ngati Sanden 508 ikaluma mumva galimoto ikubwerera mmbuyo, ndiye muganize mukukwera phiri kuchoka pa Thabwa kupita ku Blantyre masana, condenser, karediyeta ka AC, ili kutsogolo kwa rediyeta ikuthira mpweya wotentha, ndipo ya 1964 malaiti ali mkati pa grille pomwepo malo ndi ochepa. Mufunikanso pule yachiwiri pa crank, bulaketi yochita kusula, fani yamagetsi, gasi wake R134a poti gasi wakale wa R12 analetsa kalekale. Mutatha zonsezo mpweya wozizirawo uthawira mzitseko chifukwa zitseko za Series sizitseka mpweya.

Kutentha kwambiri mumgalimoto imeneyi kumachokera pansi, pa gearbox ndi ekizozi, mapazi amachita kupsa. Yalani insulation pansi ndi pa bulkhead, khoma la pakati pa injini ndi inu, sinthani marabala, tsegulani mafulapu awiri aja a pansi pa windscreen, ndipo mukapeza denga la safari lija la malata awiri ligwireni msanga, mpweya umadutsa pakati ndipo kusiyana kwake mukumva tsiku lomwelo.

wakuZomba64:
Zikomo nonse. Ndayang'ana, + alidi ku chasisi. Ndiyamba ndi harness ndi alternator, AC iyambe yadikira ndione kaye za insulation. Koma Chemwali, coil yanga sinalembedwe + ndi -, pali SW ndi CB, ndilumikize bwanji?

Chemwali_wamawaya:
Imeneyo ndi yakale ya positive earth. Mukatembenuza batire, waya woyera wa ignition upite pa CB, wopita ku distributor upite pa SW. Mukasiya mmene zilili ilirabe koma spark imakhala yofooka. Kapena mungogula coil ya 12V yosafuna ballast, + ku ignition, - ku distributor. Ndipo tumizani chithunzi cha control box, kabokosi kowongolera magetsi a dayinamo, musanadule waya uliwonse, ma brown a pamenepo ayenera kulumikizidwa pamodzi apo ayi malaiti sayaka.