Kodi ndi chisanu chimene chimakometsa malalanje ndi manachesi?

Mayi_wa_Atatu:
Anzanga, ine nyengo yozizira imandivuta, zala zimachita kuuma. Koma pali kanthu kamodzi kamene ndimakayembekezera chaka chonse: kukhala padzuwa m'mawa ndikusenda nachesi pang'onopang'ono. Ukangolowetsa chikhadabo m'khungu lake, timadzi timatuluka ngati utsi, fungo n'kukhala m'zala mpaka masana. Ndiye ndifunseko: ndi chisanuchi chimene chimazikometsa zipatsozi? Nanga malalanje obiriwira ndingawavundike ngati nthochi kuti apse?

Mlimi_Wazipatso:
Mayi, musavundike, mungowawoletsa. Nthochi ndi mango zimapitiriza kupsa zitathyoledwa, koma lalanje, nachesi ndi ndimu ayi. Shuga amene linali naye tsiku lothyola ndi yemweyo basi.

Mitengoyi imachita maluwa chisanu chikatha, ndipo chipatso chimakhala mumtengo miyezi yoposa 6, lalanje la mtundu wa Valencia mpaka kupitirira chaka. Nthawi yonseyo shuga akuwonjezeka, kuwawasa kukuchepa, ndiye zambiri zimadzakhwima chisanu chitabweranso. Ntchito yeniyeni ya chisanu ili pakhungu: usiku kukazizira, kubiriwira kuja kumatha, mtundu wachikasu n'kuonekera. N'chifukwa chake kumadera otentha lalanje limapsa bwinobwino likadali lobiriwira. Musamasankhe ndi maso okha. Linyamuleni m'manja. Lolemera, la khungu losalala, ndiye lamadzi. Lopepuka la khungu lokhuthala nthawi zambiri mkati mwake mumakhala mouma.

Achimwene_Aakulu:
Bambo mlimi anena zoona. Ine mtima wanga uli pa lalanje la navel, lija lopanda nthanga lokhala ndi kamchombo kunsi. Linayambira ku Bahia, m'dziko la Brazil, ndipo poti lilibe nthanga, mitengo yake amaichulukitsa pomezanitsa. Koma chonde musalifinye n'kusunga madzi ake, amayamba kuwawa pakangopita maola ochepa. Lofinya ndi Valencia. Navel ndi losenda ndi manja n'kudya pomwepo, kachigawo kamodzikamodzi, madzi akutsikira m'chigongono. Zimandipweteka mtima kuona munthu akuliponya m'makina ofinyira.

Namwino_Wopuma:
Ndiwonjezereko za thupi. Lalanje limodzi lapakatikati limakhala ndi vitamini C pafupifupi mamiligalamu 70, wotsala pang'ono kukwanira munthu wamkulu tsiku lonse. Mu 1747 dokotala James Lind anapereka malalanje ndi mandimu kwa ena mwa amalinyero odwala matenda otupa nkhama ndi kutuluka magazi, ndipo iwowo ndi amene anachira msanga kuposa anzawo. Komabe tisanamizane kuti lalanje limaletsa chimfine, chimagwirabe. Idyani chifukwa ndi chakudya chabwino ndiponso n'chokoma. Ndipo timitsitsi toyera tija timatsalira pachipatso mukasenda musamatitaye, timathandiza m'mimba.

Mayi_wa_Atatu:
Zikomo kwambiri nonse. Obiriwira aja ndasenda limodzi pompano, lotsekemera zedi, ana alanda theka. Koma amayi anamwino, za timitsitsi toyerato mundikhululukire. Kutichotsa kamodzikamodzi ndili padzuwa ndi mbali ya chisangalalo changa, sindingasiye.

Namwino_Wopuma:
Chotsani mwana wanga, palibe mlandu. Bola muzidya chipatso chenichenicho m'malo momwa madzi ake okha. Mukagula ambiri, asungeni pamalo pozizira podutsa mphepo, osati m'jumbo yomanga, ndipo limodzi likachita nkhungu lichotseni msanga lisanawononge anzake.