Script yanga ya Python sikulemba kalikonse mu syslog, ndalakwitsa pati?

kaIT_waku_Limbe

Moni akuluakulu. Ndimayang'anira kaseva kamodzi ka Ubuntu 22.04 pa shopu ina ya oda kuno ku Limbe, kamakhala pansi pa tebulo la akawunti pambali pa UPS yomwe batire lake linatopa kalekale. Usiku uliwonse 11 koloko cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, imadzutsa script yanga ya Python yomwe imatenga bakapu ya database ya malonda n'kukopera pa disiki ya USB. Ndiye sabata yatha abwana anafuna manambala a Lachiwiri lina, titatsegula disiki ija tinapeza kuti masiku anayi palibe chomwe chinasungidwa ndipo ine sindinkadziwa olo pang'ono chifukwa ma print anga onse cron imangowameza. Mtima unandipweteka kwambiri chifukwa anthu amenewa amandikhulupirira.

Mnzanga anandiuza kuti ndisiye print, mauthenga ndizitumiza ku syslog, komwe mapulogalamu a pa Linux amalembako zomwe zikuchitika. Ndalemba chonchi:

import logging, logging.handlers
log = logging.getLogger("bakapu")
log.addHandler(logging.handlers.SysLogHandler())
log.error("bakapu yakanika")

Ikuyenda bwinobwino osadandaula, koma ndikapanga tail -f /var/log/syslog kuli zii, grep bakapu sikupeza kanthu. Ndayesa ndi sudo, chimodzimodzi. Ndithandizeni chonde, sindikufuna zija zibwerezenso.

mdala_wamaseva

Achimwene musade nkhawa, code yanu yatsala pang'ono. SysLogHandler mukaisiya opanda kanthu m'mabulaketi imatumiza uthenga pa UDP kupita ku localhost port 514, pomwe rsyslog, pulogalamu yomwe imalemba syslog pa Ubuntu, simvetsera pa port imeneyo pokhapokha mutaiuza. Tsegulani /etc/rsyslog.conf muona mizere ya imudp ili ndi # kutsogolo. Ndipo UDP khalidwe lake ndi loti siyankha, ili ngati mwana amene mwamutuma akaponye kalata pazenera la nyumba yoti eni ake anasamuka, akabwera angokuuzani kuti ndaponya. N'chifukwa chake simukuona error.

Musavutike kutsegula port ayi, ingolembani

SysLogHandler(address="/dev/log")

/dev/log ndi socket ya pamakina pomwepo, pa 22.04 imaloza kwa journald, pulogalamu yosonkhanitsa ma log a makinawo, ndipo journald ndi amene amapatsira rsyslog. Musanakhudze n'komwe Python yesani kaye pa terminal:

logger -t bakapu "kuyesa"

mukaona mzerewo mu /var/log/syslog ndiye kuti mbali ya seva ili bho, chotsala ndi script basi.

China chomwe chikukudikirirani kutsogoloku, log.info sidzaoneka chifukwa logging ya Python imayambira pa WARNING, ndiye onjezerani log.setLevel(logging.INFO). Komanso dzina mwaika mu getLogger lija silipita lokha ku syslog, muike formatter yonga "bakapu[%(process)d]: %(message)s" kuti mzere uliwonse uzikhala ndi chizindikiro chanu, apo ayi muzidzafufuza pakati pa phokoso la cron ndi systemd mpaka maso kufiira.

chemwali_sysadmin

Zomwe anena adala pamwambapa ndi zoona zonse. Ine ndingoonjezera kuti musalole mauthenga a bakapu asakanikirane ndi zina zonse, syslog inabwera kale ndi njira yosiyanitsira. Uthenga uliwonse umanyamula zinthu ziwiri, facility kutanthauza kuti wachokera kwa ndani, ndi severity kutanthauza kuti nkhaniyo yakula bwanji. Severity imayambira 0 mpaka 7, ndipo apa ambiri amasokonezeka chifukwa nambala yaing'ono ndiye yoopsa: 0 ndi emerg, 3 ndi err, 4 warning, 6 info, 7 debug. Ma facility a local0 mpaka local7 anasiyira ifeyo kuti tizigwiritsa ntchito mmene tafunira. Ndiye sankhani imodzi, tinene local3,

SysLogHandler(address="/dev/log", facility=SysLogHandler.LOG_LOCAL3)

kenako pangani fayilo /etc/rsyslog.d/30-bakapu.conf yokhala ndi mizere iwiri yokha

local3.*    /var/log/bakapu.log
& stop

n'kupanga systemctl restart rsyslog. Mzere wachiwiriwo ukuletsa kuti uthenga womwewo usakalembedwenso mu /var/log/syslog, ndipo 30 ija ndi yadala, mafayilo amawerengedwa motsatira mayina ndiye yanu iyenera kubwera 50-default.conf isanafike. Tsiku lina mukadzaona uthenga wosaphika ukuyamba ndi <155> musadabwe, ndi 19 ya local3 kuchulukitsa ndi 8 kuphatikiza 3 ya err. Kachitidwe kameneka n'kakale, Eric Allman anakalembera Sendmail m'ma 1980 ndipo mpaka pano ma router ndi ma switch amalankhula chilankhulo chomwechi, n'chifukwa chake ine ndimati kuchiphunzira sikutaya nthawi.

Koma chonde chonde musaiwale logrotate, pulogalamu yodula ma log kuti asadzadze disiki. Fayilo yatsopanoyo palibe amene aziidula mukapanda kuika kafayilo kake mu /etc/logrotate.d. Ine zinandionekera pamalo ena pomwe ndinkagwira ntchito cha ku Ginnery Corner, script ina inalowa mu loop Lachisanu madzulo ikulemba debug osapuma, pofika Lolemba m'mawa disiki yadzadza 100% database yakana kudzuka, anthu ali pamzere panja akudikira malisiti ine ndikutuluka thukuta ndi du -sh. Kuyambira tsiku limenelo debug sindiisiya yoyatsa pa seva yogwira ntchito.

mfana_wa_Ndirande

Aise ine ndikuona ngati mukuzungulira kwambiri, pa Ubuntu imeneyo zonse zikudutsa kale kwa journald ndiye bwanji osangowerenga komweko? journalctl -t bakapu ikupatsa mauthenga ako okha, ukaonjezera -p err ikupatsa zolakwika zokha, --since yesterday ikupatsa kuyambira dzulo, palibe za grep. Komanso ukadzasamukira pa Debian 12 udzapeza /var/log/syslog kulibe n'komwe chifukwa rsyslog sibweranso yoikidwa kale, anthu ambiri zawazunguza mutu zimenezi.

Chinanso, gwiritsa log.exception mkati mwa except kuti traceback yonse ilembedwe. Mu fayilo ya rsyslog imaoneka yonyansa, mzere umodzi wautali wodzadza ndi #012 paliponse pomwe panali mzere watsopano, koma mu journalctl imawerengeka bwinobwino. Ndipo poti wati UPS inatopa, panga journalctl --list-boots uone kuti makinawo azima n'kuyaka kangati, ine ndikukayikira kuti masiku anayi akowo anayamba tsiku lomwe magetsi anathima.

Ngati ulinso ndi ma script a bash sufunika kusintha zambiri, pamzere wa cron ingoika 2>&1 | logger -t dzina kumapeto, zonse zomwe zikanatayika zikalowa mu log.

chemwali_sysadmin

journalctl sindikutsutsa achimwene, inenso ndimaigwiritsa tsiku lililonse. Fayilo ndimaikonda chifukwa tsiku lomwe makina akana kuyaka umangochotsa disiki n'kuwerenga pa laputopu iliyonse, komanso ndi rsyslog mzere umodzi wokha ukhoza kutumiza ma log ku makina ena, @ ngati ndi UDP, @@ ngati ndi TCP. Koma zonse ziwiri zitheka ndi /dev/log yomweyo ndiye asankha okha.

Chomwe ndinaiwala kunena, samalani zomwe mukulemba. Ndaonapo anthu akulemba command yonse ya mysqldump mu log pamodzi ndi password yake, ena manambala a foni a makasitomala. Pa Ubuntu aliyense amene ali mu gulu la adm amawerenga ma log amenewa, ndipo amakhalitsa masabata.

kaIT_waku_Limbe

Zikomo kwambiri nonse, zatheka! Nditangoika /dev/log mzere unatulukira pompo. Ndatenga local3 ndi fayilo yakeyake monga ananenera achemwali, logrotate ndaika, ndipo password ndaichotsa pa command chifukwa inalipodi.

Amwene a ku Ndirande munalasa. --list-boots yaonetsa kuti makina anayakanso m'mawa wa tsiku loyamba lija. Lero nditatseka shopu ndazimitsa dala n'kuyatsanso, ndayendetsa script, log.exception yandipatsa PermissionError pa /mnt/usb. Mu fstab, fayilo yonena madisiki oti azimauntidwa makina akamayaka, ndinalemba /dev/sdb1 ndi nofail, ndiye seva ikayaka pali flash ina ya akawunti yobayidwa, disiki yanga imasanduka sdc, siimauntidwa, chotsala ndi foda yopanda kanthu ya root yomwe user wanga sangalembemo. Ndipo ine ndinali nditaika except: pass pamenepo, ndachotsa. Pano fstab ikugwiritsa UUID, nambala yosasintha ya disikiyo, yomwe ndatenga pa blkid, script ikuyamba yafunsa os.path.ismount isanakopere, ndipo ikamaliza bwino ikulemba info yokhala ndi kukula kwa fayilo kuti m'mawa ndizingoona mzere umodzi. Za batire la UPS ndawalembera kale abwana, ati tikagule Loweruka.