PET yawala pamalo pomwe tinawotcha, ndilembe chiyani?

WaPET: Anzanga thandizeni, mutu waima. Wodwala khansa ya m'mapapo, anamaliza radiotherapy (kuwotcha khansa ndi makina) ya mlingo wa 60 Gy masabata 7 apitawo, pano ali pa durvalumab, mankhwala othandiza chitetezo cha m'thupi kulimbana ndi khansa. Akutsokomola chouma, akayenda pang'ono befu. Lero tamujambula FDG PET/CT (timabaya shuga wotchedwa FDG, malo odya shuga kwambiri monga khansa amawala pachithunzi), phapo lakumanja lawala, SUVmax (muyeso wa kuwalako) 7. Adokotala akufuna lipoti mawa m'mawa.

MkuluWaCT: SUV 7 ndi khansa imeneyo, yabwerera. Lembani basi.

WaPhysics: Ayi achimwene. Malo otupa nawonso amadya shuga, FDG sisankha. Komanso anaitanitsa PET pa sabata 7 ndani? Timadikira miyezi 3 radiotherapy ikatha, chifukwa chake n'chomwechi. Tengani plan ya radiotherapy muiike pamwamba pa zithunzizo. Kuwalako kukatsata malire a dose, osasamala kuti lobe (chigawo cha phapo) yathera pati, ganizani pneumonitis, kutupa kwa phapo chifukwa chowotchedwa. V20, gawo la mapapo lomwe linalandira 20 Gy kapena kuposa, inali zingati?

WaPET: Plan ili kwa a radiotherapy, foni sakuyankha.

MkuluWaCT: Zaka zonse ndagwirazi, kutupa wamba sikufika pa 7.

SisitaWaChemo: Kumafika bambo. Ine sindidzaiwala mnyamata wina wa khansa ya Hodgkin lymphoma, anali pa chemo yotchedwa ABVD. Mapapo onse awiri anawala m'munsi, tonse tinati lymphoma yafalikira. Kunali kutupa chifukwa cha bleomycin, amodzi mwa mankhwala a mu ABVD. Tikanapitiriza mankhwalawo bwenzi tikunena zina. Ndiye wanuyo musaiwale durvalumab, nayonso imatupitsa mapapo, ndipo yake siyendera malire a plan, imatha kugwira mbali zonse.

WaPhysics: Zoona asisita. China, asathamangire prednisone (steroid yochepetsa kutupa) asanaone makhololo ngati muli TB. TB imawalanso chimodzimodzi, mukaipatsa steroid mwaiwonjezera moto.

WaGamma: Bwanji SPECT ya Tc-99m MAA, chithunzi choonetsa mmene magazi akuyendera m'mapapo? Pamene pawotchedwa magazi amachepa kuyenda, zimaoneka bwino. Kungoti ngati ali ndi pulmonary hypertension (BP yokwera m'mitsempha ya m'mapapo) muchepetse ma particle a MAA omubaya.

WaPhysics: Ikuuzani kuti phapo lawonongeka motani, koma funso la khansa siiyankha. Chotupa chikafinya mtsempha chithunzi n'chomwecho.

MkuluWaCT: Ndiye mwabwerera kwa ine. 7 ndi 7.

  

SisitaWaChemo: WaPET, oxygen yake ili bwanji akayenda?