Kampani imodzi koma mapepala atatu: katundu akasweka ndidzagwire ndani?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi sitolo ya zipangizo zomangira kuno ku Mzuzu, ndipo matailosi ndimakapikula ku Dar es Salaam. Nthawi zonse ndimasaka ndekha lole, wondiombolera katundu pa Songwe, ndiponso malo osungira akafika.

Mwezi watha kampani ina inati izindichitira zonsezi. Ndinakondwa, koma mapepala atabwera ndinapeza mayina atatu: ya malole, yoombola katundu ku MRA, ndi ya nyumba zosungiramo katundu. Dzina lalikulu lapachikwangwani chawo ndi la kampani yomwe ili ndi masheya m'makampani atatuwo basi. Iyo payokha ilibe lole ngakhale imodzi m'dzina lake.

Mtima wanga sukukhazikika chifukwa ndinapsapo kale. Chaka chatha lole inavutika pokwera Chiweta, mabokosi 14 anafika ali zidutswa zokhazokha. Nditatsegula loyamba, fumbi linangoti mbuu m'manja. Dalaivala ankaloza opakira, opakira ankaloza dalaivala, ndipo ndalama yanga inalowa m'madzi.

Tsono inu amene munagwirapo ntchito ndi makampani otere, mgwirizano ndisaine ndi iti, yaikuluyo kapena iliyonse payokha? Ya malole itagwa lero, yaikuluyo imabweza za anthu, kapena imangosamba m'manja? Nanga inshulansi ya katundu pamsewu wa M1 amadula ndi iwo kapena ndidule ndekha? Akufuna yankho langa Lachisanu, ndiye chonde musandisiye ndekha.